Zimene ndinadutsamo pochita kafukufuku wa chaka chomaliza ku yunivesite

Ndikulembera inu amene muli chaka chachitatu ndipo semesita ino mukuphunzira kosi ya Research Methods. Ine ndinaiphunzira mu 2022 ndipo ndinakhoza bwino, koma dissertation yanga, buku la kafukufuku wa chaka chomaliza, ndinaipereka mochedwa, anzanga atamaliza kale. Pakati pa kukhoza mayeso aja ndi kupereka bukulo panali miyezi ya ngongole, misozi ndi kusowa tulo. Zina mwa zimene zinandigwera panalibe akanaziletsa, koma zambiri zikanapeweka.

Kosiyo tinkaiona ngati ina iliyonse. Aphunzitsi ankafotokoza, ife n'kumaloweza kuti qualitative ndi chiyani, quantitative ndi chiyani, mitundu ya sampling ilipo ingati. Chaka chimenecho magetsi ankathima kwa maola ambiri, chifukwa namondwe wa Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, choncho tinkawerenga manotsi pafoni mpaka batire litatha. Mayeso atabwera tinalemba zimene tinaloweza, nkhani n'kuthera pomwepo. Semesita yonse inatha ndisanakhalepo pansi ndi munthu weniweni n'kumufunsa funso lolemba ndekha kuti ndione ngati alimve. Inu musatero. Sankhani mutu umodzi, ngakhale wongoyerekeza, ndipo chilichonse chimene mwaphunzira tsikulo muchiyese pa mutuwo. Akanena za sampling, dzifunseni kuti anthu anga ndikawapeza kuti, ndipo mndandanda wa mayina awo amasunga ndani. Akanena za questionnaire, lembani mafunso asanu, mukafunse mayi amene amagulitsa mandasi pageti.

Titayamba chaka chachinayi dipatimenti inkachititsa masemina. Aliyense ankaimirira pamaso pa aphunzitsi ndi anzake n'kufotokoza proposal yake. Mutu wanga unali umphawi pakati pa amayi akumudzi m'Malawi, ndipo ndinkaunyadira chifukwa unkamveka waukulu. Ndinalankhula mpaka kumaliza popanda wondidula. Kenako mphunzitsi wina wachikulire, amene anali chete nthawi yonseyo, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Iwe ukalankhula ndi amayi ati? Ukawafunsa chiyani? Ukabwerako, tidzadziwa chiyani chimene lero sitikuchidziwa?"

Ndinangoti kakasi. M'chipindamo munali zii, ndipo ndinkamva kulira kwa pulojekita. Ndinabwerera pampando manyazi atandigwira, ndipo usiku umenewo ndinalira, ndikuganiza kuti bambo aja amadana nane. Lero ndimaona kuti mafunso atatu aja ndiwo anali kosi yonse ya Research Methods. Semina siikhala yoti akuchititseni manyazi. Ndi malo okhawo amene anthu odziwa amakuuzani ulele pamene pakudontha, musanawononge ndalama. Pitani ngakhale tsiku limene simukuyankhula ndinu, ndipo muzilemba mafunso amene akufunsa anzanu, chifukwa omwewo adzakufunsani.

Supervisor wanga, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga, anali mayi wotanganidwa kwambiri, wa ophunzira ambiri. Nditapita kuofesi kwawo sanandinyoze. Anandifunsa kuti, "Mwanawe, ndi chiyani chimene unachiona ndi maso ako, chimene mpaka pano chikukusowetsa mtendere?" Ndinawauza za mayi wina woyandikana nafe kwathu, amene anzake a banki mkhonde anabwera kudzamulanda mbuzi ndi mapoto atalephera kubweza ngongole, pamene mayi anga, a gulu lomwelo, anakhoma malata panyumba ndi ndalama za banki yomweyo. Madamu anati, "Kafukufuku wako ndi ameneyo. Pita ukalembe tsamba limodzi lokha." Funso langa linakhala loti: amayi a magulu a banki mkhonde m'dera la mfumu yaikulu imodzi amagwiritsa ntchito yanji ngongole zimene amatenga, ndipo n'chiyani chimalepheretsa ena kubweza? Linkaoneka laling'ono moti ndinkaopa kuti andipatsa malikisi ochepa. Ndithu linandikulirabe.

Pa zowerenga ndinataya nthawi yambiri chifukwa chosadziwa pofufuza. Zinthu zambiri zabwino n'zaulere. Malipoti a National Statistical Office ya ku Zomba ali pa intaneti, kuphatikizapo la kalembera wa 2018 ndi la kafukufuku wa mabanja wachisanu, IHS5, wa 2019 mpaka 2020. Pa Google Scholar mukapeza nkhani imodzi yabwino, onani amene anaitchula pambuyo pake, mudzapeza zina zatsopano. M'menemo ndi mmene ndinadziwira kuti njira ya banki mkhonde imene timaiona m'midzi mwathu inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, kenako n'kufalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Pitaninso kwa ogwira ntchito mu laibulale. Ambiri a ife tinkangowaona ngati osunga mabuku, chonsecho ndiwo amadziwa magazini a kafukufuku amene sukulu inalipira kale kuti ophunzira aziwerenga.

Chimene chinandipweteka apa n'chakuti ndinkakopera ndime zabwino n'kuziika mu fayilo imodzi popanda kulemba mwini wake, chaka ndi tsamba. Patapita miyezi sindinkathanso kusiyanitsa mawu anga ndi a eni ake. Chaputala chachiwiri atachilowetsa mu pulogalamu yoona zokopera, chinabwera chofiira, ndipo ndinachilembanso chonse. Ikani pulogalamu ya Zotero pakompyuta yanu lero lomwe. Ndi yaulere, imasunga chilichonse chimene mwawerenga, ndipo imakulemberani maumboni m'njira ya APA kapena ina iliyonse imene dipatimenti yanu imafuna. Mukawerenga ndime, tsekani bukulo, mulembe zimene mwamva m'mawu anu, ndipo pambali muike dzina la mwini wake nthawi yomweyo.

Nthawi imeneyi ndi imenenso anthu olembera anzawo ma dissertation amayamba kukuzungulirani. Manambala awo amayenda pa WhatsApp, ndipo ukatopa mtima umakokeka ndithu. Mnzanga wina analipira. Tsiku loteteza ntchito yake anamufunsa chifukwa chimene anasankhira njira imene analemba m'chaputala chachitatu, ndipo analibe yankho. Anabwereza chaka, makolo ake n'kulipiranso fizi. Ndimamumvera chisoni mpaka lero, chifukwa anali wanzeru, anangochita mantha.

Za supervisor ndinene mosabisa. Panali nthawi imene ndinatumiza machaputala atatu pamodzi, ndipo mwezi unatha popanda yankho. Ndinkapita kuofesi, n'kupeza chitseko chotseka. Ndinkakwiya, koma ndinkaopa kukumbutsa, poganiza kuti aziti ndine wamwano. Amene anandithandiza ndi mchemwali wina wa masters. Anandiuza kuti munthu wa ophunzira ambiri sangawerenge masamba makumi anayi pakati pa sabata, koma masamba asanu okhala ndi funso lomveka amawerenga. Ndinayamba kutumiza pang'onopang'ono, n'kulemba pamwamba kuti, "Madamu, chonde mundionere ngati zolinga izi zikugwirizana ndi mafunso awa." Tikakumana ndinkalemba zimene tagwirizana n'kuwatumizira pa imelo tsiku lomwelo. Zinthu zinayamba kuyenda. Kukumbutsa mwaulemu si mwano, ndipo ngati zafika poti simukupezana n'komwe, dipatimenti iliyonse ili ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wa ophunzira. Kadandauleni msanga, osati kutatsala sabata.

Kenako panabwera za chilolezo. M'dziko muno kafukufuku amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology, imene inakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2003, ndipo pali makomiti amene amaunika ngati kafukufuku sapweteka anthu: ya za umoyo, ya za chikhalidwe cha anthu, komanso a m'mayunivesite. Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya kungodinda chidindo. Mapepala anga anabwezedwa chifukwa kalata yopempha chilolezo kwa ofunsidwa inali m'Chingerezi chokha, komanso sindinafotokoze kumene ndidzasunge mayankho a anthu. Komiti siikumana tsiku lililonse, choncho kubwezedwa kamodzi ndi masabata angapo otayika. Funsani ndondomeko ya sukulu yanu semesita isanayambe, ndipo pemphani chitsanzo cha fomu imene inavomerezedwa kale. Mukapeza chilolezocho ulendo sunathe. Pamafunika kalata ya dipatimenti, kukaonekera ku khonsolo ya boma limene mukupita, kenako kwa mfumu yaikulu, a gulupu, mpaka kwa nyakwawa ya mudzi. Musadumphe aliyense. Anthu akumudzi salankhula momasuka ndi mlendo amene amfumu sakumudziwa, ndipo akulondola.

Kuchedwa konseku kunandikankhira mu Januwale 2023, ndipo apa ndi pamene panagona vuto lalikulu. Proposal yanga inkati ndidzapita kumudzi mu Okutobala, anthu ali pakhomo, misewu ili youma. Ndinapita nthawi ya dzinja, m'boma lina la kumwera kumene kumakhala azakhali anga. Anthu ankalawirira kumunda kukapalira ndi kubandira, ena ku ganyu, chifukwa inali miyezi ya njala. Kolera inali itavuta m'dziko lonse, moti ku Lilongwe ndi ku Blantyre sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Akabaza ankakweza mtengo chifukwa cha matope, ndipo tsiku lina tinayenda wapansi mtunda wautali tikukankha njinga. Koposa zonse, magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama mu Disembala n'kuyamba chaka chatsopano mu Januwale. Ndinafika mabokosi ali opepuka, ngongole zatsopano zisanatengedwe, ndipo makope ena a chaka chatha anali atatayika. Zimenezi zinali zodziwika kwa mayi aliyense wa m'gulu, ngakhale mayi anga enieni, koma sindinawafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalembe kalendala ya kafukufuku wanu, funsani kalendala ya anthu amene mukukawafunsa.

Chiwerengero cha anthu ofunsa nachonso chinandisokoneza. M'kalasi tinaphunzira fomula ya Yamane ya 1967, ndipo aliyense ankaiika mu proposal chifukwa ndi yosavuta. Fomulayo imati pa anthu 400 ufunse 200, pa anthu 1,000 ufunse 286, ngati ukulola kuphonya ndi 5 pa 100. Ine ndinalemba 200. Koma fomulayo imafuna kuti ukhale ndi mndandanda wa anthu onse n'kusankha mwamaere, ndipo mndandanda woterowo kunalibe. Magulu ena anayambitsidwa ndi mabungwe, ena ndi mipingo, ena anangodziyambira okha pansi pa mtengo wa mango. Komanso munthu mmodzi, woyenda pa kabaza, wa ndalama za upkeep, sangafikire anthu 200 m'dzinja. Ndinaimbira Madamu ndili pachulu pamene netiweki inkagwira. Anati, "Funsa amene ungathe kuwafunsa bwino, ndipo udzalembe zoona za mmene unawasankhira. Palibe amene amalephera chifukwa cha sample yochepa imene waifotokoza moona. Amalephera ndi amene amadzaza mafomu okha ku hostel." Mawu amenewo anandimasula.

Tsiku loyamba kufunsa silichoka m'maganizo mwanga. A gulupu anali atalengeza kuti kukubwera mwana wa sukulu, koma nditafika ndinapeza khwimbi la anthu, ena atanyamula ziphaso zaunzika. Agogo ena aakazi anandigwira dzanja n'kuti, "Mwanangu, undilembe inenso. Chaka chatha anandidumpha." Ankaganiza kuti ndikulemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo wa AIP. Kuwauza kuti sindinabweretse kalikonse, kuti ndangobwera kudzaphunzira kwa iwo, chinali chinthu chowawa kwambiri pa ntchito yonseyi. Ena ananyamuka nthawi yomweyo, ndipo sindinawaimbe mlandu. Koma muyenera kunena zimenezi poyambirira penipeni, momveka, ngakhale anthu achoke. Mukasiya kuti aziganiza kuti kukubwera thandizo, aliyense adzakuuzani kuti alibe kanthu, mayankho anu adzakhala opotoka, ndipo mudzakhala mutawanamiza. Ena ankaopa kusaina kapena kudinda chala, poti anamvapo za anthu amene anadinda pepala n'kulandidwa munda. Ndinkawawerengera kalatayo mokweza, pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira.

Amene anatsala ndinayamba kuwafunsa mmodzimmodzi pakhonde la nyumba ya mlembi wa gulu. Questionnaire yanga ndinali nditaiyesa pa anzanga awiri a m'chipinda ku hostel, ndipo onse anati ili bwino. Funso lachisanu linkati: mumapeza ndalama zingati pamwezi? Mayi woyamba, wa mwana kumbuyo, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwezi wake uti, achemwali? Wa nandolo kapena uno?" Ndalama zawo zimabwera nthawi yokolola, kenako pamadutsa miyezi ya geni ya tomato ndi ganyu. Funsolo linali la munthu wa pa malipiro, osati la mlimi. Mafunso ena anali aja opatsa munthu mayankho asanu, kuyambira kugwirizana nazo kwambiri mpaka kutsutsa kwambiri. Amayi achikulire ankangoti, "Eya, ndi momwemo," pa chiganizo chilichonse, ngakhale ziwiri zotsutsana, chifukwa kutsutsa mlendo wophunzira pakhomo pako si ulemu. Ndipo pamene ndinafika pa funso la amene amalamula ndalama za ngongole pabanja, bambo a panyumbapo anali atakhala pa mpando wandalema chapafupi, akusoka thumba la feteleza. Mayi aja anayang'ana pansi n'kuti, "Timagwirizana."

Madzulo amenewo ndinakhala pamphasa kwa azakhali, mulu wa mafomu uli pamiyendo, ndikudziwa kuti theka la mafunso ndi lopanda ntchito. Mafomuwo ndinali nditapulinta onse kamodzi, ndipo anadya gawo lalikulu la ndalama zimene ndinali nazo. Ndinalembanso mafunso. M'malo mofunsa za mwezi, ndinkafunsa za ngongole yomaliza imene munthu anatenga: inali ya ndalama zingati, anaitenga liti, inapita kuti, anabweza ndi ndalama zochokera kuti. Pamenepo anthu ankayankha mwatsatanetsatane, ena mpaka kukatenga kabuku kawo ka masheya. Ndinapemphanso amayi a pampando kuti tizikumana kumene gulu limasonkhana, kopanda amuna. Kuti ndipulintenso ndinakongola kwa achimwene anga, ndipo ndinayenda ulendo wa ku boma chifukwa kumudziko kunalibe makina.

Kuyesa mafunso, kumene m'kalasi amati pilot, kuchitike pa anthu ofanana ndi amene mukukawafunsa, m'chinenero chimene mukagwiritse ntchito, m'mudzi wina woyandikana. Anthu asanu kapena khumi akwanira kukuonetsani pamene pali vuto. Musapulinte zonse musanayese. Ndipo ngati muli ndi foni ya Android, phunzirani KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu a mafunso pafoni. Ndi yaulere, imagwira ntchito popanda netiweki, ndipo mayankho mumangowatsitsa mu Excel osawataipanso. Ndinaidziwa mochedwa, kwa mnzanga wa ku dipatimenti ina, nditamaliza kale kutaipa mafomu onse ndi manja.

Zimene zinapulumutsa kafukufuku wanga ndi zokambirana za m'magulu. Amayi asanu ndi atatu akakhala pamodzi pamkeka, bokosi la maloko atatu lili pakati, amakumbutsana, amatsutsana, ndipo amaiwala kuti pali mlendo. M'menemo ndinamva zimene fomu sikanandiuza. Ngongole zambiri sizinkapita ku geni monga amalembera m'malamulo a gulu. Zinkapita ku feteleza, fizi ya ana a sekondale, chimanga cha m'miyezi ya njala ndi matenda. Ena ankatengera amuna awo, ndipo bambo akakana kubweza, wochita manyazi pagulu ndi mayi. Ena ankalowa magulu awiri kuti azikongola uku n'kubweza uko, ndipo zikathina ankathamangira kwa akatapila. Ndinkajambula mawu pafoni atandilola. Dziwani kuti kulemba zimene zajambulidwa kwa ola limodzi kumatenga maola angapo, ndipo kuzimasulira m'Chingerezi kumatenga enanso. Muzilemba tsiku lomwelo, mawu a anthu akadali m'makutu.

Ndinabwerera kusukulu kumapeto kwa Febuluwale, ndikuganiza zodzapitanso kukamaliza magulu amene anatsala. Pakati pa Malichi namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kumwera. Mapiri anagumuka, milatho inakokoloka, anthu mazanamazana anafa. Kwa masiku angapo foni ya azakhali sinkapezeka, ndipo za kafukufuku sindinkaziganizanso n'komwe. Nditawapeza anandiuza kuti ali moyo, koma midzi ina imene ndinayendamo inali itasanduka mchenga ndi miyala, ndipo anthu ankagona pasukulu. Mayi mmodzi mwa amene ndinacheza nawo anali m'gulu la anthu amene sanapezeke. Mawu ake anali mufoni mwanga, akuseka pofotokoza mmene anagulira nkhumba yake yoyamba. Kwa milungu ingapo sindinkatha kutsegula fayiloyo.

Madamu anandiitana. Sanayambe ndi za sukulu, anayamba ndi kufunsa za azakhali. Kenako anati, "Kubwerera kumeneko ndi mafomu panopa kungakhale nkhanza. Gwiritsa ntchito zimene uli nazo, ndipo ulembe chifukwa chake zinathera pamenepo." Ndinapempha nthawi yoonjezera kudzera m'kalata, ndipo anandipatsa. Mukakumana ndi zovuta zenizeni, maliro, matenda, ngozi, lembani kalata ku dipatimenti nthawi yomweyo. Musangosowa. Amene amangosowa ndi amene amapezeka kuti alembedwa kuti alephera.

Kusanthula data kunali phiri lina. SPSS, pulogalamu yosanthulira data, tinaiona m'kalasi pa pulojekita, koma sitinaigwirepo. Ndinaphunzira usiku, pamavidiyo a pa YouTube, ndi bandulo ya usiku yotsika mtengo. Ngati kompyuta yanu ilibe SPSS, pali jamovi ndi PSPP, zonse zaulere, ndipo pa kafukufuku wa digiri yoyamba n'zokwanira. Musanalowetse kalikonse, lembani papepala kuti funso lililonse mulipatsa dzina lanji ndipo yankho lililonse nambala yanji, apo ayi mudzafika pakati mutaiwala ngati 1 ankaimira wokwatiwa kapena wosakwatiwa. Ndinkafunitsitsa kuonetsa chi-square, njira yoyesera ngati zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, ndi nambala yake ya p yochepera 0.05, chifukwa ndinkaganiza kuti popanda zimenezo ntchito siioneka ya ku yunivesite. Koma anthu anga anali ochepa, ndipo mabokosi ambiri a tebulo ankayembekezeka kukhala ndi anthu osakwana 5, zimene zimachititsa kuti zotsatira za chi-square zisadalirike. Madamu anandiuza kuti ndichotse, ndionetse matebulo osavuta, ndipo mphamvu ndiike pa mawu a amayi aja. Anandiletsanso kulemba kuti banki mkhonde imachititsa ichi kapena icho, popeza ndinangoona zinthu zikuyendera limodzi pa nthawi imodzi, m'dera limodzi.

Pakati pa zonsezi laputopu yanga inazima osayakanso. Fulashi imene ndinkasungira inali italowa vairasi kumalo opulintira. Chimene chinandipulumutsa ndi maimelo amene ndinkatumizira Madamu, ngakhale kuti ntchito ya masabata awiri omaliza inapita. Muzidzitumizira ntchito yanu pa imelo kapena kuiika pa Google Drive usiku uliwonse, ndipo mafomu a mapepala muwasunge pouma, pokhoma, mpaka mutalandira digiri. Mayina a anthu asakhale pa fayilo imodzi ndi mayankho awo.

Pa ndalama, bajeti imene ndinalemba mu proposal inali yongokongoletsa tsamba. Sindinawerengere kupulinta kawiri, maulendo okatenga makalata, kabaza wa m'matope, mayunitsi oimbira amayi a pampando, zakumwa ndi mabanzi a anthu amene akhala nawe maola awiri pa zokambirana, kukonzetsa laputopu, ngakhale kumanga mabuku omaliza. Chifukwa chochedwa, kumanga mabukuko kunandipeza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mapepala ndi inki inali itakwera. Ndalama zonse pamodzi zinaposa kawiri zimene ndinalemba. Yambani kusunga pang'onopang'ono muli chaka chachitatu, ndipo auzeni makolo kapena okuthandizani msanga kuti chaka chomaliza chili ndi mtengo wake wapadera kupatula fizi. Sankhaninso dera limene muli ndi wachibale woti akusungeni. Popanda azakhali sindikanakwanitsa.

Tsiku loteteza ntchito yanga, mphunzitsi wachikulire uja analiponso. Miyendo inkanjenjemera. Anatsegula chaputala chachitatu n'kufunsa chifukwa chimene proposal inkati 200 pamene ndinafunsa ochepa. Ndinafotokoza za mndandanda umene kunalibe, za dzinja, za Freddy. Anafunsa ngati zimene ndinapeza zikuimira amayi onse a m'Malawi. Ndinati ayi, zikuimira magulu amene ndinacheza nawo, koma zikuonetsa mafunso oyenera kufunsidwa kwina. Anagwedeza mutu n'kulemba. Funso lililonse limene anafunsa linali la mmene ndinachitira, osati la zimene ndinaloweza, ndipo ndinkatha kuyankha chifukwa ndinali komweko ndekha. Anandipatsa zokonza zochepa: maumboni ena osalembedwa bwino ndi tebulo limodzi lopanda mutu. Malikisi anali abwino, ngakhale sanali apamwamba kwambiri, ndipo digiri ndinalandira pa mwambo wotsatira, osati limodzi ndi anzanga a m'kalasi.

M'kalata yopempha chilolezo ndinali nditalonjeza kuti ndidzabweza zotsatira kwa eni ake. Ophunzira ambiri amalemba chiganizo chimenechi koma sabwerera, ndipo n'chifukwa chake m'midzi ina anthu atopa nafe. Ndinalemba masamba awiri m'Chichewa, opanda dzina la munthu aliyense, n'kupita nawo kwa a gulupu ndi kwa magulu amene anali atayambiranso kusonkhana. Ndinawawerengera mokweza. Anakangana kwa nthawi yaitali pa nkhani ya ngongole zotengera amuna, ndipo gulu lina linagwirizana kuti mayi akafuna ngongole yaikulu, bambo azibwera kudzavomera pamaso pa onse kuti adzabweza nawo. Amayi a pampando anandipempha makope ena atatu oti apatse magulu a kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinawatumizira kudzera kwa azakhali mwezi wotsatira.